Funso Limene a Khutu Anameza

Pafakitale ya mabotolo panali mota imodzi imene aliyense ankaiopa ngati apongozi. Inkazunguza fani yaikulu yopemerera mpweya m'ng'anjo yosungunulira galasi, ndipo ng'anjoyo sinkazimitsidwa, usana ndi usiku, chaka mpaka chaka. Mota ija ikanati iime nthawi yaitali, galasi likanauma m'ng'anjomo n'kusanduka thanthwe. Amene ankaiyang'anira anali injiniya wamkulu, bambo wa imvi za m'mbali, amene anthu ankangowatchula kuti a Khutu. Dzinali linabwera chifukwa cha kachitidwe kawo. M'mawa uliwonse ankagunditsa nsonga ya sikuludiraiva pa mota, chigwiriro n'kuchiika kukhutu, kenako n'kutsinzina. Iwo akati beringi, kachitsulo kamene mota imazungulirapo, yayamba kudyeka, amakaniko sankatsutsa, ankangopita kukatenga masipanala.

Chaka china bwana wamkulu anatumiza mainjiniya ake onse kukoleji ya zaumisiri, ku kosi ya masiku ochepa yophunzira za nyuro netiweki. Imeneyi ndi pulogalamu ya pakompyuta imene siuzidwa malamulo, koma imaphunzira yokha ikaonetsedwa zitsanzo zambirimbiri. Pa mota paja panali kale tizipangizo toyeza kunjenjemera ndi kutentha, ndipo manambala ake a zaka zambiri ankangosungidwa osagwiritsidwa ntchito. Bwana ankafuna kuti netiweki iphunzire manambalawo, izichenjeza mota isanafe. Ananenetsanso kuti amene adzaigwire bwino ntchito imeneyi ndiye azidzatsogolera gawo lokonza makina. A Khutu anamva bwino lomwe kuti mpando umene anaukhalira zaka zonsezi wayamba kugwedera.

Atalowa m'kalasi tsiku loyamba, anapeza kuti mphunzitsi wake ndi mwana wa mlongo wawo, mtsikana yemwe uja anakulira pakhomo pawo, amene iwo anamuphunzitsa kumasula pulagi ya ayironi asanathe n'kuchapa komwe malaya ake. Tsopano anali ndi madigiri ake, ndipo kunyumba ankamuseka pomutchula kuti a Dokotala. Mtsikanayo anawalonjera mwaulemu, mawondo atapinda pang'ono.

"Amalume, mwatilemekeza kwambiri lero."

"Ndabwera kudzaona ngati zimene ndinakuphunzitsa zija sunaziiwale," anatero a Khutu, kalasi yonse n'kuseka.

Anakhala mpando wakutsogolo, monga mkulu. Tsiku loyambalo zinayenda. Koma litafika lachiwiri, bolodi inadzaza ndi timizere tolumikiza timadontho, ndi masamu amene iwo anawasiya kalekale tsitsi lidakali lakuda. Anyamata amene ankawaopa kufakitale ankakweza manja, kufunsa, kutsutsa, kuseka. A Khutu ankangogwedeza mutu ngati munthu amene zonsezi anazidziwa kale, chikhalirecho m'mutu muli mdima. Mphunzitsi akati, "Pali funso?" funso linalipo, mafunso analipo ambiri, koma ankawameza limodzilimodzi. Afunse bwanji pamaso pa ana? Ndipo afunse kwa yani, kwa mwana amene ankamunyamula pamapewa?

Ndiye anapeza njira. Zinthu zikangoyamba kuvuta, ankatulutsa foni, kuiika kukhutu, n'kutuluka akulankhula mokweza za ng'anjo, chonsecho kumbali inayo kunalibe munthu. Ankaima m'khonde kuyang'ana magalimoto mpaka nthawi ya tiyi. Tsoka lake, limodzi la maulendo a m'khondewo linagwera pa ola limene mphunzitsi anafotokoza za kasankhidwe ka zitsanzo zophunzitsira netiweki. Tsiku lomaliza, lophunzira kudina mabatani, sanatulukeko ayi. Aliyense anapatsidwa pulogalamu yokonzeka kale: umaikamo manambala ako, umalemba kuti awa ndi a mota ili bwino, awa ndi a mota ikudwala, basi netiweki iphunzire. A Khutu anabwerera kufakitale ndi satifiketi, mtima uli m'malo kuti kasamu kaja kanali kongoopsezera anthu.

Ntchito anaipempha okha kwa bwana, ndipo anaigwira okha, chitseko cha ofesi chili chotseka kuti wina asawaone akusakasaka zilembo ndi chala chimodzi. Atatsegula manambala a zaka zonse zija, anapeza kuti ambiri anali osalala bwino, koma apa ndi apo panali masabata amene mizere inkalumphalumpha ngati yolembedwa ndi munthu woledzera. Anawazindikira masabatawo. Anali a nthawi zimene beringi inadyeka, kuphatikizapo ulendo wina umene iwo anachedwa kuimva, mota n'kutsala pang'ono kupsa. Kwa munthu amene moyo wake wonse ankadana ndi ntchito yauve, zimenezi zinali zinyalala. Anadziuza kuti mwana umamuphunzitsa pomuonetsa khalidwe labwino, suchita kumutengera kumowa kuti akaone zoipa. Chinanso, chimene sanadziuze mokweza, n'chakuti sankafuna kuti chilema chawo chakale chikhale m'kompyuta mmene aliyense angachione. Anafufuta masabata onsewo, n'kusiya osalala okhaokha.

Komabe kamtima kankawagunda. Bokosi lolembamo zitsanzo za mota yodwala linatsala lopanda kanthu, ndipo pulogalamu inatulutsa kachenjezo kachikasu kamene iwo anakatseka msangamsanga. Atayesa netiweki, inakhoza zonse. Chilichonse chimene anaionetsa inkayankha kuti mota ili bwino, ndipo zinalidi choncho, poti zonse zimene anaionetsa zinali za mota ili bwino. Kukhoza kotereku kunawasangalatsa, komanso kunawadetsa nkhawa pang'ono.

Lamlungu lina mwana wa mlongo wawo uja anabwera kudzacheza. Atatha kudya anakhala pakhonde, iye akusewera ndi kapu ya tiyi.

"Nanga netiweki ija ikuyenda bwanji, amalume? Mukafuna ndidzabwere ndidzaione. Si ntchito yaikulu ayi."

Akazi awo, amene anali atatopa ndi kuusa moyo kwa amuna awo masiku amenewo, anawagunda ndi chigongono.

"Bambo, si uyu mwana wabwera yekha? Mufunseni chija chimakudyani chija."

Funso linafika pamilomo penipeni. Linali lalifupi: kodi manambala oipa aja amachotsa kapena amasiya? Akanalifunsa, yankho likanabwera tiyi asanazizire. Koma anayang'ana mtsikanayo, n'kuona kamwana kaja kogwira pulagi ya ayironi, ndipo chifukwa cha manyazi funsolo analimeza.

"Chimandidya n'chiyani ine? Zonse zili m'chimake, a Dokotala. Yakhoza zonse, osaphonya n'kamodzi komwe."

"Osaphonya n'kamodzi komwe?" anafunsa mtsikanayo, nsidze zitakwera.

"Ukudabwa chiyani? Waiwala kuti anaiphunzitsa ndani?"

Malume ake anali atayamba kale nkhani ya mpira, ndipo mtsikanayo anakula akudziwa kuti munthu wamkulu akatseka nkhani suitsegulanso.

Kufakitale bwana anakondwa kwabasi. Anaika sikirini yaikulu m'chipinda choyang'anira makina, yoonetsa nyali yobiriwira mota ikakhala bwino, yofiira ikayamba kudwala. Alendo akabwera ankawaonetsa sikiriniyo asanawaonetse ng'anjo. A Khutu anatsimikiziridwa pampando wawo, anthu n'kumati nkhalamba yawaonetsa anyamata. Ndipo popeza iwo eni ndiwo anauza aliyense kuti netiweki siphonya, zikanaoneka zachilendo kuti azipitabe kukagunditsa khutu pa mota m'mawa uliwonse. Anayamba kudumphitsa masiku, kenako analekeratu. Nyali inali yobiriwira, ndipo inakhala yobiriwira miyezi yonseyo.

Inali yobiriwirabe masana amene beringi inagwira. Kunamveka kulira kwa chitsulo kumene kunaimitsa aliyense pamene anali, kenako fungo la waya wopsa, kenako bata loopsa la fani itaima. Shafiti, chitsulo chozunguza fani, inali itapindika, mota itapsa, ndipo ina yolowa m'malo mwake sikanapezeka tsiku limenelo kapena mawa lake. Anthu anathamanga uku ndi uku, koma ng'anjo inazizira iwo akuona. Galasi linauma m'kati monse. Panafunika miyezi yoswa ndi kumanganso, ndipo antchito ambiri anauzidwa kuti akayambe adikira kunyumba.

Akuluakulu a kampani anaitana katswiri woti adzafufuze chifukwa chimene netiweki sinachenjezere. Katswiri wake anali yemwe anaphunzitsa kosi uja. Anakhala pakompyuta ya malume ake, iwo ataima kumbuyo kwake manja ali kumsana. Sizinamutengere nthawi. Anatembenuka pang'onopang'ono, ndipo a Khutu anaona kuti m'maso mwake munali misozi.

"Amalume, masabata a beringi yodyeka aja ali kuti?"

"Ndinachotsa. Anali auve."

"Amenewo ndiwo anali phunziro lonse, amalume. Netiweki iyi sinaonepo mota ikudwala. Mawu amene inaphunzira ndi amodzi okha, akuti zili bwino. Ngakhale mota ikanayaka moto, ikanati zili bwino."

A Khutu anakhala pansi pampando wa alendo. Kunja kunkamveka nyundo za anthu oswa galasi.

"Munalekeranji kundifunsa? Ndinabwera mpaka pakhonde panu."

"Ndikanakufunsa bwanji, mwana wanga?" anatero ndi mawu otsika. "Ndinakulera ndine."

"Ndiye chifukwa chake mukanandifunsa ine. Ndikanakusekani ine?"

Chimene chinawapweteka koposa a Khutu n'chakuti mtsikanayo anayenera kulemba zimene anapeza, ndipo analemba zoona. Iwo amene ankaopa kuti mwanayo angadziwe kuti pali chinthu chimodzi chimene malume ake sachidziwa, anamusenzetsa ntchito yofotokozera akuluakulu a kampani kulakwa kwawo konse.

Sanawachotse mwachipongwe. Anawapempha kuti apume msanga, n'kuwathokoza chifukwa cha zaka zawo. Mpando unapita kwa mmodzi wa anyamata aja ankakweza manja m'kalasi. Tsiku lotsazika, a Khutu anadutsa pageti pamene panali gulu la antchito oimitsidwa, odzafunsa kuti ng'anjo iyaka liti. Ena anawalonjera, ena anayang'ana kumbali. Munthu amene anaopa kuchita manyazi kwa mphindi imodzi pamaso pa mwana wa mlongo wake anatuluka atawerama pamaso pa fakitale yonse, ndipo mpaka lero akakhala pakhonde paja amalibwereza funso lija chamumtima, lalifupi, losavuta, lopanda woliyankha. Akulu akale anaona zotere pamene anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.