Mbali Yachiwiri ya Khobidi

Panali mmisiri wina m'kamzinda kena kolamulidwa ndi Aroma. Ntchito yake inali kuzokota zidindo zosulira makobidi amkuwa, aja ogulira mchere ndi ndiwo pamsika. Mzinda uliwonse unkasula ake. Mbali imodzi ya khobidi pankakhala nkhope ya mfumu yaikulu ya ku Roma. Mbali inayo mzinda unkaikapo chizindikiro chake, ndipo cha kwawo kwa mmisiriyu chinali kasupe wotumphuka patsinde pa mkuyu.

Munthuyu ankalakalaka kuti a ku Roma amudziwe. Nkhope ya mfumu anaikhalira pansi: ndevu iliyonse payokha, diso ngati liphethira. Za kasupe anangokandakanda mothamanga.

Mkazi wake anatembenuza khobidi loyamba, nalipenyetsetsa.

"Abambo, ichi n'chiyani? Kasupe kapena nkhuku yonyowa?"

"Iwe, ndani amayang'ana kumbuyo?"

"Amene amamwa madziwo. Mfumu yanuyo inayamba yafunsapo dzina lanu?"

Iye anangoseka.

Sipanapite nthawi, mfumu ija inaphedwa, ndipo wolowa m'malo mwake analamula kuti nkhope yake ichotsedwe paliponse. Akulu a mzinda anasonkhanitsa makobidi onse, nawatula pakhomo pa mmisiri uja. Anatenga tchizulo, nayamba kupala ndi dzanja lake lomwe ndevu zija ndi diso lija, khobidi ndi khobidi.

M'mizinda yoyandikana anapalanso awo, koma kumeneko malonda sanaime. Munthu ankatembenuza khobidi, n'kuona mlatho kapena ngalawa yakwawo, n'kulilandira. Pamsika wa kwawo kwa mmisiriyu, mayi wogulitsa mchere atapatsidwa khobidi anayang'ana uku, popalidwa. Anayang'ana uko, zosadziwika.

"Ndalama ya kuti imeneyi? Bwererani nayo."

Makobidi onse anasungunulidwa, ndipo ntchito yozokota chidindo chatsopano inapatsidwa kwa mlendo wochokera kumzinda wina. Mlendoyo atangofika, anayamba wafunsa njira ya ku kasupe.

Inu amene mukumva, akamabwera akuluakulu mumasesa bwalo, kuyala nsalu, kuvina mpaka fumbi koboo! Ikakwana nthawi ya sukulu ya kwacha, mabenchi ali pululu, ati ntchito zachuluka. Akuluakuluwo amasinthana, ndipo akachoka yotsala ndi mbali yanu ya khobidi. Tembenuzani khobidi lanu muone ngati pali chimene munthu angachizindikire. Ngati palibe, choko chilipo, bwerani mudzazokote.