Bambo amene anapatsa mlendo nyumba yonse

Panali bambo wina, anzanga, amene ankasindikiza makadi a ukwati pa kashopu kake pafupi ndi depoti ya basi. Sunthirani kuno mumve belu lisanalire, chifukwa ine chiimvereni nkhaniyi pakamwa pakundiyabwa!

Kompyuta yake yakale inafa, ndipo anagula yatsopano, ija ya patebulo, bokosi pansi sikirini pamwamba. Inali yothamanga ngati mphepo. Koma pulogalamu yake yojambulira makadi inakana kutseguka m'menemo. Inali yachikale kwambiri. Tsono khadi la ukwati wa mwana wa neba wake linali m'kompyuta yatsopanoyo, m'fayilo imene imatseguka ndi pulogalamu yokhayo. Maluwa, mayina, chithunzi cha akwati, zonse zinali momwemo. Ankhoswe, a Dzimbiri, anali atanena kuti abwera masana kudzatenga makadiwo kuti akwere nawo basi yomaliza ya kumudzi. Basi ikanapita popanda makadi, abale akumudzi akanati sanaitanidwe. Ndipo mukudziwa inu, m'bale wosaitanidwa ku ukwati amakumbukira mpaka pamaliro.

Mnzake wina anamuuza pafoni kuti, "Achimwene, musataye mtima. Pali pulogalamu imene imamanga kakompyuta kena m'kati mwa kompyuta yanu. Yanuyo ikhala mwininyumba, kam'katiko kakhala mlendo. Mlendoyo mukamuikira zachikale zimene zinkayendetsa kompyuta yanu inafa ija, pulogalamu yanu idzatsegukira mwa iye."

Bambo uja anaikoka pa intaneti, naiika. Zinthu zinkayenda. Anapatsa mlendo dzina. Anamupatsa posungira katundu. Kenaka pasikirini panabwera funso lakuti mlendoyu apatsidwe memore yochuluka bwanji. Memore, anzanga, ndi mpata umene kompyuta imaganizira ikamagwira ntchito, ndipo mwininyumba ndi mlendo amagawana womwewo. Pansi pa funsolo panali kamzere kokoka, kobiriwira mbali ino, kofiira kumapeto.

Bamboyu anakulira pakhomo pamene mlendo amagona pabedi, mwininyumba pamkeka. Anayang'ana kamzere kaja, napukusa mutu.

"Mlendo sapatsidwa zotsala," anatero.

Anakoka mpaka m'kati mwenimweni mwa kufiira. Timawu tochenjeza tinatuluka pansi. Iye anangoti, "Kuumira kumeneko, kwathu kulibe." Nadina batani lodzutsa mlendo.

Amayi ine! Kamuvi ka pasikirini kanayamba kukwawa. Kanakwawa, kanakwawa, kanaima. Anagwedeza mausi, osasuntha. Anamenya kiyibodi, zii. M'bokosi fani yoziziritsa makina inkalira ngati chigayo, koma pasikirini palibe chimene chinkayenda. Mlendo sanadzuke, mwininyumba naye gwa, wauma. Ndipo khadi lija lili m'kati.

Anaimbira mnzake uja, foni yotseka. Anaimbanso, yotsekabe. Pamenepo foni yake inalira, anali a Dzimbiri. "Bambo, tanyamuka, tili pa kabaza. Mwatikonzera eti?"

"Eee, bwerani," anayankha.

Anagwira batani lozimitsira, naleka. Bwanji akazimitsa mokakamiza, fayilo n'kuwonongeka? Anadikira. Dzuwa linapendeka. Anagwiranso batani, nalekanso.

Mkazi wake, Nangozo, amene ankagulitsa zitumbuwa pakhonde la shopuyo, anasuzumira namupeza atagwira kumutu.

"Bambo a Sekerani, kwagwanji? Mwakhala ngati mwamva uthenga wa maliro."

Anamufotokozera zonse, za mwininyumba, za mlendo, za kamzere.

"Ndiye munapatsa mlendo zingati?"

"Pafupifupi zonse. Si ulemu umenewo?"

Nangozo anaomba m'manja kamodzi. "Inu simumva! Achimwene anu atabwera mu Juni muja munawapatsa mabulangete onse, inu n'kugona ndi chitenje changa. M'mawa munadzuka? Munali kubuula ndi chifuwa. Amene anawatenthetsera madzi ndani? Amene anawaperekeza ku basi ndani? Anapita okha, osasamba, chikwama pamutu, akuti kuno kulibe anthu. Ulemu wanuwo unawathandiza chiyani?"

Bambo uja anayang'ana batani lozimitsira lija. Kenaka anatambasula chala, nakanikiza batani osalisiya, mpaka fani inakhala chete ndipo sikirini inada bii.

Anzanga, pamenepa ngakhale ine pomva ndinaleka kupuma. Anayatsanso. Mdima. Mdima. Kenaka kuwala! Anathamangira kumene kunali fayilo. Ilipo! Yathunthu, yosakhudzidwa!

Asanadzutsenso mlendo, anabwerera ku kamzere kaja. Anakoka chobwerera, kuchoka kofiira, mpaka kanaima pobiriwira. Mtima unamupweteka pang'ono, chifukwa m'maso mwake kunali kumana. Koma anakasiya pomwepo, nadina batani.

Mlendo anadzuka! Anadzuka bwinobwino, kawindo kake n'kutseguka pakati pa sikirini, mwininyumba akuyendabe pambali ngati palibe chachitika. Zachikale zija zinayamba kulowa. A Dzimbiri anafika zikulowabe, maso ku msewu wa basi. Nangozo anawakhazika pabenchi nawapatsa chitumbuwa chotentha.

"A Dzimbiri, idyani. Makadi akuvala nsapato."

Asanamalize chachiwiri, pulogalamu yakale inatseguka, maluwa n'kuonekera, akwati akumwetulira. Makina osindikizira anayamba kulavula makadi, ndipo a Dzimbiri anathamanga nawo ali ofunda, kondakitala akumenya kale chitseko. Anakwera, anzanga! Anakwera!

Tsono ndikunena ndi iwe amene sudziwa kukana. Mnzako akati undithandize masamu, umapita. Wina akati undiperekeze kumsika, umapita. Wachitatu akabwera ndi misozi ya chibwenzi chake, umakhala naye mpaka nthawi ya sitade itatha, buku lako losatsegula, mayeso ali pakhomo. Sindikuti utseke chitseko, ayi. Mlandire, mpatse gawo lake, gawo labwino ndithu. Koma siya lokwanira kuti iwe uime. Mlendo amakhala m'nyumba imene mwini wake ali chilili. Ukagwa iwe, mudzagwa awiri.