Zibangili za mayi Nangondo

M'mawa wa tsiku limene anamwalira, mayi Nangondo anakhala pakhonde monga mwa masiku onse, akupinda waya wamkuwa. Anauza mwana wawo Tiyanjane kuti tiyi wachepa shuga, koma anamwa yense. Dzuwa lisanafike paliwombo anadandaula mutu, nakagona. Sanadzukenso.

Ana inu, ku Mitundu kunalibe amene sankawadziwa mayi amenewa. Kale kupinda zitsulo inali ntchito ya amuna, akazi ankangotunga mikanda yogula kusitolo. Nangondo ndiwo anayamba kusenda mawaya otayidwa, kupala zigoba za nkhono ndi kuboola njere zakutchire, napanga ndolo, mphete ndi zibangili zimene anthu anali asanazionepo.

Anali ndi lamulo lawo. Akatulukira kapangidwe katsopano, choyambacho sankagulitsa. Ankaveka mayi wina wogwira ntchito zamanja n'kumuuza kuti, "Kasinje nacho, katunge nacho madzi. Chikakukanda udzandiuze."

Tiyanjane zinkamuwawa. "Amayi, chokongola chenichenicho mwapatsa wogulitsa makala?"

"Eya. Nayenso ali ndi mkono."

Maliro atatha, Tiyanjane anapeza zida zokhazokha m'nyumba. Zomalizidwa zonse zinali zitagulidwa ndi anthu akutali, ndipo malemu sankajambula kanthu. Iye ankadziwa kusenda waya ndi kupukuta, koma mapindidwe ndi mfundo zinali m'manja mwa amayi ake. Anayesa kukumbukira, zibangili zake zinkangomasuka. Anaganiza zokapereka zidazo kwa wokonza njinga, lusolo lithere pomwepo.

Nasoko, wogulitsa makala uja, anamupeza akuzimanga m'chitenje.

"Iwe, nyundo ya amayi ako ikupita kuti?"

"Ndilibe poonera, amayi. Sanandisiyire ngakhale chimodzi."

"Sanakusiyire? Mwana wabodza iwe. Loweruka uyale mphasa."

Loweruka anthu anabwera. Amayi akuchigayo, azamba, ogulitsa tomato, ena ana ali kumbuyo, mikono ikulira ngwerengwere kuchokera kumsewu. Anavula zimene anavekedwa n'kuzindandalika, mpaka mphasa inachepa.

"Ichi chinkandikanda posinja," anatero Nasoko. "Taona apa, anapindira nsonga mkati."

"Ndolo zangazi zinkakola duku," anatero Najere, mzamba, mlamu wake wa Nasoko. "Anafupikitsa ngowe."

"Usanamizire duku, mlamu. Makutu akowo ndi malichero!"

"Malichero omwewa ndi amene anakopa mlongo wako!"

Amayi anaseka mpaka kugwirana mapewa. Tiyanjane nayenso anaseka, koyamba chimwalirire amayi ake. Kenako anagwada, natola chimodzichimodzi, kuchitembenuza, kutsata ndi chala pamene waya analowera ndi pamene anatulukira. Mwini aliyense ankadziwa pamene chake chinalakwika ndi mmene chinakonzedwera, ndipo palibe anafuna kulankhula pomaliza. Ntchito yonse ya Nangondo, kuyambira mphete yakalekale yopotoka, inali pamphasapo.

"Komatu si zako izi," anachenjeza Nasoko. "Uonere, ubweze. Ine ndi changachi tikalowa limodzi m'manda."

Tsiku lomwelo Tiyanjane anamasula chitenje chija. Chibangili chimene anapanga, amayi atamuzungulira n'kumamulangiza onse nthawi imodzi, sichinamasuke.

Akuti ndi pamenepo anthu anayamba kunena kuti, "Kupatsa n'kuika." Chimene wabisa m'nyumba chimatha ndi chiswe kapena dzimbiri, mwinanso chimaiwalika iwe ukapita. Chimene wapatsa mnzako wachiika pabwino, ndipo tsiku losowa chidzakupeza iwe kapena mwana wako. Nangondo akanatsekera zoyamba zija m'bokosi, zikanakhalapo ndithu, koma sipakanakhala munthu wonena pamene zinkakanda.

Tiyanjane wakalamba tsopano. Waphunzitsa atsikana ambiri, ndipo ndolo zake zimavalidwa kutali kumene iye sanafikeko. Koma iye mwini makutu ake ndi osaboola, ndolo zonse amaveka ena.