Sipanala Imodzi pa Paipi ya Dzimbiri

Panali munthu wina, a Mbendera, amene anali ndi galimoto yakale ndi mtima wapachala. Mwana wa mlongo wawo, Tiyamike, anali ndi chinkhoswe ku Dedza. Bambo ake a mtsikanayo anamwalira kalekale, ndipo a Mbendera, monga malume, ndiwo ankayenera kukaima ngati nkhoswe yake. Popanda iwo mwambo sukanayamba.

Tsono rediyeta ya galimoto ija inkadontha madzi. Yatsopano anali atagula, inde, koma inangokhala m'katoni kuseri kwa chitseko, eni ake ati mawa, mawa. Anadzaitulutsa m'mawa wa tsiku lenileni la chinkhoswe. Anthu ena ndi otero, ndipo amatopetsa.

Ntchitoyo ankaidziwa, musaganize kuti anali mbuli. Anakhetsa madzi, namasula mapaipi a labala, zonse zinayenda bwino. Kunatsala timapaipi tiwiri tachitsulo kunsi, timene timabweretsa oyilo wa m'giyabokosi kuti adzazizire mu rediyeta. Manati ake anali atadyana ndi dzimbiri kwa zaka zambiri. Anayesa kupotokola, nati ili nganganga. Anayesanso, osasuntha. Anatsonya, namenya tayala ndi phazi.

Nati yotere imafuna zinthu ziwiri, ndipo a Mbendera ankazidziwa zonse. Umaithira palafini n'kuisiya kuti alowerere. Kenako umatenga masipanala awiri, ina yogwira pamene paipi yalumikizana ndi rediyeta kuti pasatembenuke, ina yopotokola nati. Palafini anathira, koma kudikira kunawakanika. Malo nawonso anali opanikiza, oti manja a munthu mmodzi sangagwire masipanala onse awiri.

Akazi awo, Nangondo, anali ataima pambali atavala kale chitenje cha mwambo.

"Bwanji ndikugwirireni inayo, bambo?" anafunsa.

"Inu kasiteni jekete langa. Zazitsulo zisiyeni."

Mayiwo analowa m'nyumba.

A Mbendera anatola chipaipi chachitali, nachilowetsa ku mchira wa sipanala kuti mphamvu ichuluke. Anakukuta mano, natsamira ndi thupi lonse. Mwadzidzidzi chinthu chija chinafewa, sipanala n'kuyenda.

"Wagonja tsopano," anatero akupukuta thukuta.

Koma chimene chinayamba kugonja sichinali nati. Nati inatembenuka pamodzi ndi paipi yake, ndipo paipiyo inapotoka ngati nsalu yofinyidwa, n'kung'aluka pang'ono chakunsi, kumene diso silifika. Pambuyo pake natiyo inamasuka ndithu. A Mbendera anamanga rediyeta yatsopano, yonyezimira bwino, nabwezera timapaipi tija osatiyang'ana n'komwe. Anasamba, navala jekete, ulendo unayambika.

Atapitirira pa Linthipe, pokwera chitunda, injini inayamba kulira kwambiri koma matayala osakoka. Galimoto inafooka mpaka kuima. Atatsika anaona mzere wa oyilo wofiira ukuchokera kutali kumbuyo kwawo, pa phula. Giyabokosi inali itauma, ikununkha chopserera. Apo anagwira njakata.

Ku Dedza anthu anadikira mpaka akuchimuna anayamba kung'ung'udza kuti mwina banja la mtsikanayo silikufuna ukwatiwo. Potsiriza anapempha bambo wina woyandikana nawo nyumba, wosakhala wachibale, kuti aime m'malo mwa malume. A Mbendera anafika pa matola anthu akupinda mipando. Tiyamike anabwera, maso ali ofiira, nagwada monga mwa ulemu wake.

"Mwafika, malume," anatero motsitsa mawu, nadzuka n'kupita.

Tsono inu makolo, ndi inu ankhoswe, ndimvereni, pakuti izi ndatopa nazo kuziona m'makomo mwathu. Mwana wanu, kapena mwamuna wanu, wakakamira khalidwe loipa kwa zaka, inu muli chete. Tsiku limene mwafulumira ndi pamene mukufuna alisiye lero lomwe. Mumabwera ndi mphamvu zokhazokha, mawu ofewetsa mulibe, ndipo wina akati akuthandizeni mumamuthamangitsa. Pokonza munthu pamafunika manja awiri, lina lomugwira kuti adziwe kuti sanatayidwe, lina lomutembenuza. Ndipo akakhala chete mwadzidzidzi n'kuti "chabwino, ndamva," musafulumire kusangalala. Weramani muone chimene chagonja. Mwina si khalidwe lija ayi, mwina ndi mtima wake umene wang'aluka, ndipo mudzazindikira muli pakati pa ulendo.