Chikho Chachitatu cha Meduna

Khalani pansi bwino, ana inu, ndipo amene akutafuna nzimbeyo atafune mwakachetechete.

Kale kwambiri, kumpoto kutali komwe chisanu chimaumitsa mitsinje mpaka ng'ombe kumayenda pamwamba pake, kunali dziko la udzu wokhawokha. Phiri kunalibe, mitengo inali ya apo ndi apo. Anthu akumeneko ankaweta ng'ombe ndi mahatchi, ankagona m'ngolo, ndipo onse ankayankhula chiyankhulo chimodzi. Dzina lake musandifunse, palibe akulidziwa.

Akufa awo ankawaika m'mitumbira italiitali, ndipo mizimu sinkapita kutali. Inkakhala pomwepo nkumacheza ndi amoyo. Koma mzimu sunkatha kukana ukaitanidwa. Mwana akautchula ali kwina, unkanyamuka kumutsata, mtumbira nkutsala wopanda mwini. Tsono kuti dziko lisathe mizimu, panali mwambo wouma mtima. Aliyense wosamuka ankasiya chiyankhulo chake pa mtsinje wa Danu. Mayi ake ankamutungira madzi, iye nkuchukucha m'kamwa katatu. Chikho choyamba chinkachotsa nyimbo ndi nthano. Chachiwiri chinkachotsa mayina a udzu, mbalame, mphepo ndi zonse za m'dzikomo. Chachitatu chinkachotsa mawu a pakhomo, aja mwana amaphunzira ali kumsana. Munthu ankawoloka ali duu ngati khanda, nkukapeka mawu ake atsopano kutsidya.

M'dzikomo munali mayi wina dzina lake Meduna. Mwamuna wake Arato anali atamwalira, ndipo mwambo sunkalola mkazi wamasiye kuchoka pa mtumbira wa mwamuna wake. Meduna sankadandaula nazo. M'mawa uliwonse ankathira mkaka pamtumbirapo, nkukhala pansi, macheza nkuyamba. Ankakanganabe za hatchi imene Arato anataya ali mnyamata. Anthu ena imfa siwaletsa kukangana.

Kenaka mvula inakana zaka zitatu. Msipu unatha, mabanja anayamba kusamuka, mpaka panatsala Meduna ndi ana ake atatu: Wiliko wamkulu, mng'ono wake Ekuwo, ndi mlongo wawo Sawela. Nawonso anamanga katundu, aliyense ndi banja lake. Anagwirizana zopita kosiyana chifukwa ng'ombe zawo sizikanakwana pamsipu umodzi.

M'mawa wa tsiku la ulendo, Meduna anathira mkaka koma osanena kanthu.

"Amake Wiliko, mwangoti zii bwanji lero?" unafunsa mzimu wa Arato.

"Ndikuganiza za chikho chachitatu."

"Ndimadziwa. Maganizo amenewo asiyeni."

"Bambo ake Wiliko, tamvani. Anawa akawoloka sadzadziwa kuti munthu anawabereka amatchedwa chiyani. Wiliko akadzakumana ndi Ekuwo panjira, adzamutcha ndani? Adzabayana ndi mikondo ngati alendo."

"Anzathu onse achukucha katatu. Ana athu ali ndi chiyani chapadera?"

"Ndi anga."

Mzimu unati, "Mukudziwa kuti ine sinditha kukana. Mmodzi akangonena kuti atate ali kutsidya, ndinyamuka. Makolo onse adzanditsata. Mudzatsala nokha, ndipo pano simungachoke."

"Ndikudziwa," anatero Meduna. Mtima unamuwawa kwambiri, pakuti mwamunayo ankamukonda.

Dzuwa litakwera onse anatsikira kumtsinje. Meduna anatunga chikho choyamba. Anawo, akazi awo, mwamuna wa Sawela ndi adzukulu onse anachukucha nkulavula. Sawela, amene ankang'ung'udza kanyimbo kotonthoza mwana, anasiyira pakati, pakamwa pali yasa. Chikho chachiwiri chitadutsa, Ekuwo anayang'ana mbalame imene inatera pa bango, akufuna kuitchula, koma dzina silinabwere.

Meduna anatunga chachitatu. Wiliko anatambasula dzanja, chifukwa anali munthu wosaphwanya mwambo. Mayiyo anamuyang'ana mwana wakeyo, anayang'ananso kumtunda komwe kunali mtumbira. Kenaka anapendeketsa chikho, madzi onse khuthu pamchenga.

Wiliko anachita mantha. Anafuna kutsutsa, koma mawu otsutsira anali atapita ndi madzi. Anangoti, "Amayi."

"Eya," anayankha Meduna. "Amenewo pita nawo."

Ngolo zinawoloka. Wiliko analowera kumadzulo, Ekuwo kum'mawa, Sawela kumwera. M'kamwa mwawo munatsala timawu tochepa: mayi, atate, m'bale, mlongo, dzina, moto, ng'ombe, goli, ndi kuwerenga kuchokera pa chimodzi kufika pa khumi.

M'mawa mwake Meduna anathira mkaka, Arato anayankha. Tsiku lachiwiri anayankhanso, koma mawu ake ankamveka ngati a munthu amene wavala kale nsapato za ulendo. Tsiku lachinayi Meduna anathira mkaka nati, "Mwadzuka bwanji, bambo ake Wiliko?" Panangomveka mphepo mu udzu. Anafunsanso. Anayambitsa dala nkhani ya hatchi ija, kumunyoza, kuti mwina ayankhe ndi mkwiyo. Palibe. Kwinakwake kutsidya mwana wina anali ataitana atate ake. Meduna anayenda mtumbira ndi mtumbira akupereka moni kwa apongozi, kwa azakhali, kwa agogo, ndipo monsemo munali mopanda anthu. Anakhala pansi nkulira mpaka maso kutupa.

Kuyambira pamenepo chiyankhulo chonse chinatsala m'kamwa mwa munthu mmodzi. Ankayankhula ndi ng'ombe yokalamba imene anamusiyira. Ankatchula mayina a udzu akamayenda, kuopa kuti angamuthawe. Ankaimba nyimbo yofuna wovomera, nkudikira pang'ono, kenaka nkudzivomera yekha. Kusungulumwa kwake kunali kwakukulu, ana inu. Koma sananenepo kuti akanadziwa akanawapatsa chikho chachitatu chija.

Patapita zaka zambiri, tsitsi lonse litayera, kunatulukira munthu wa ndevu pahatchi kuchokera kum'mawa. Zovala zake zinali zachilendo, mayankhulidwe ake ngati miyala ikugubuduka. Analoza pakhosi posonyeza ludzu. Meduna anamupatsa madzi. Munthuyo atamwa, anawerama nkunena liwu limodzi. Linali lopindika, lotha m'mbali ngati mpeni wakale, koma Meduna analizindikira. Mlendoyo anamutcha mayi.

Meduna anakweza chala chimodzi nkuwerenga. Mlendoyo anadabwa, naye anawerenga. Onse awiri anafika pa khumi, wina m'kamvekedwe kake, wina m'kake, ndipo onse anaseka.

"Ndiwe wa kwa Ekuwo?" anafunsa Meduna. "Ali moyo? Nanga atate ake anafika kumeneko? Akundifunsa?"

Mlendoyo anapukusa mutu. Sanamve chilichonse. Naye ananena zake zambirimbiri, akuloza kum'mawa, Meduna osatolapo kanthu. Anawerenganso kachiwiri kufika pa khumi, poti china chokambirana panalibe. Kenaka munthuyo anakwera hatchi yake nkumapita. Chisanu cha chaka chimenecho Meduna sanachiwoloke, ndipo womuika m'manda panalibe.

Ndi chifukwa chake lero anthu otalikirana, amene sangagulitsane ndi mchere womwe osagwiritsa ntchito manja, amafanana pa timawu tina. M'mabuku akalekale a ku India mayi ndi matar. Aroma akale ankati mater, Agiriki meter, ku Perisiya amati madar. Pa liwu la m'bale ndi chimodzimodzi, pa kuwerenga nakonso. Koma nyimbo zawo ndi mayina a mbalame zawo, aliyense ali ndi zake.

Anthu ophunzira anaziona zimenezi. Mpaka pano amakhala ndi mabuku mulu, kuyika liwu la uku pambali pa liwu la uko, kuyesa kulumikiza chiyankhulo chimene chinabereka zonsezo. Akapeza liwu limene akuganiza kuti linali lake, amalilemba, koma patsogolo pake amaikapo kanyenyezi. Kanyenyeziko kamatanthauza kuti liwuli palibe wamoyo analimvapo. Womaliza kulitchula analitchulira mu udzu, ndipo palibe anamuyankha.