Chiwongolero Chokulunga ndi Mphira

Kumapiri kwina kunali bambo wina amene anali ndi kagalimoto kakale konyamulira mbatata. Tsiku lina chiwongolero chinayamba kunjenjemera. Akamayenda pang'onopang'ono chinali phee, koma akangoponda moto chinkagwedeza manja mpaka m'mapewa.

Anapita nako kwa makaniko. Makanikoyo anakweza kutsogolo ndi jeke, nagwira tayala ndi manja awiri, naligwedeza. Linalira kuti khokho, khokho.

“Mwamva, bambo? Bolojointi yatha, kamfundo kachitsulo kamene kagwira tayalali. Isiyeni galimoto masiku awiri. Bolojointiyo ikathothoka muli paliwiro, tayala lipinda.”

“Masiku awiri, mbatata zanga ziwole? Imeneyi ndimaidziwa ndine.”

Ndiye tamvani nzeru za munthu ameneyu, abale anga. Atafika kunyumba anadula chubu chakale cha tayala, nakulunga chiwongolero chonse ndi mphira, mpaka chinanenepa ngati munsi. Manja anasiya kumva kunjenjemera. Iye n'kumauza anzake kuti wakonza yekha. Ine zimandiwawa, chifukwa sanali munthu woipa ayi. Ankangodana ndi kuuzidwa.

Mmawa wina mkazi wake anabwera akuthamanga kudimba.

“Bambo a Tiyanjane, mwana uja matenda ayamba, ndipo akutaya magazi!”

Tiyanjane anali mwana wawo wamkazi, ndipo pakati pake panali poyamba. Anamugoneka kumbuyo pamphasa, mutu uli pamiyendo ya mayi ake. Chipatala chinali kutali, kumunsi kwa phiri.

Bamboyo anayamba kuyendetsa pang'onopang'ono monga anazolowera. Mkazi wake anamenya denga ndi chikhatho.

“Thamangani! Mwana akuzizira!”

Mawu a makaniko anamubwerera. Akathamanga, tayala. Akapanda kuthamanga, mwana. Thukuta lili kamukamu, anaponda moto. Manja sankamva kanthu, koma galasi linkavina, zitseko zili gwedegwede. Anadutsa kona yoyamba, yachiwiri. Pa yachitatu panamveka kuti phwa! Tayala linapinda, galimoto inakhwekhwereza mphuno pansi n'kukaima m'ngalande.

Palibe anavulala. Koma msewuwo sudutsa magalimoto kawirikawiri. Anamunyamula Tiyanjane pa njinga ya munthu wodutsa, bambo ake akukankha, akulira ngati mwana. Anafika dzuwa lili paliwombo. Madokotala anapulumutsa Tiyanjane. Khandalo silinalire.

Abale anga, kunjenjemera kuja sikunali matenda, kunali chifundo. Matenda anali pansi, posaoneka. Mulungu anatipatsa chikumbumtima kuti chizitigwedeza tchimo likamadya mkati. Ena mwa ife tachikulunga ndi mphira: kwaya, zopereka, suti ya Lamulungu, “ndimadzidziwa ndekha.” Sitikumvanso kanthu, ndiye tikuti tachira. Ngati mtima wako ukugwedezeka pamene wakhalapo, usautonthoze. Pita nawo kwa Mwini wake lero auone pansi. Tsiku lofunika liwiro silipangana ndi munthu, ndipo tsiku limenelo sudzakhala wekha m'galimoto.