Foni ya Che Lajabu Inalira ku Mzikiti

Anzanga, zatheka! Achemwali anga Asiyatu alandira theka la ndalama ntchito asanaiyambe n'komwe, ndipo laputopu yatsopano yafika lero, ikadali m'pulasitiki! Koma mmene zinayendera, khalani pansi kaye, ine thupi likuchitabe tsembwe.

Paja achemwali amalemba mapulogalamu a pakompyuta, alibe bwana, amagwira ya aliyense wowafuna. Chaka chino analembera Che Lajabu, bambo wogulitsa zitsulo ku Balaka, pulogalamu yowerengera katundu m'sitolo. Miyezi iwiri ali pakompyuta yakale ija, yozima yokha ikatentha. Atapereka ntchito, bambowo anati, "Ndikulipirani Lachisanu." Lachisanu linadutsa. Achemwali anaimba kawiri, foni ili yozima, manyazi n'kuwagwira, basi n'kusiya.

Kenako mayi wina wa zigayo zitatu anafunanso pulogalamu. Achemwali anafuna kupempha theka poyamba, koma mtima unkawatsutsa. Choncho tsiku lina, itatha swala, pemphero la masana, anapita kwa Shehe Ndembo, amene anawaphunzitsa Kurani ali mwana. Anawapeza okha, akusesa pakhonde la mzikiti.

"Asalamu alaikumu, a Shehe."

"Wa alaikumu salamu, Che Asiyatu. Khalani pamkekapo. Nkhope yanu yabwera ndi nkhani."

Achemwali anafotokoza zonse mokwiya.

"Munthu wopemphera, a Shehe, wa chipsera pamphumi chifukwa chogwada popemphera, wandidyera thukuta langa. Tsopano ndikafuna kupempha theka kwa mayi awa, ndikuopa. Kodi si kuganizira zoipa Msilamu mnzanga? Nanga akakwiya n'kupita kwa wina?"

A Shehe anatsamiritsa tsache pakhoma.

"Bambo amene mukuti wakudyeraniyo, nambala yake mukadali nayo?"

"Ndili nayo."

"Taimbani."

Achemwali anaimba. Kunja kunali zii, dzuwa lili pamutu, ngakhale nkhuku osalira. Ndiye m'kachipinda kosungira mabuku, kumbuyo kwawo kwenikweni, foni inayamba kulira. Achemwali anatembenuka. Chitseko chinali chotseguka, munalibe munthu. Pa msomali panali kathumba ka nsalu yoyera, kakunjenjemera kokha.

Anadula msanga. Kathumbako kanasiya.

A Shehe analowa, natulutsa foniyo. Pagalasi pake panali nambala ya achemwali, yopanda dzina.

"Ndinu amene ndakhala ndikudikira," anatero motsitsa mawu. "Che Lajabu anagwa m'sitolo mwawo Lachinayi, kutatsala tsiku limodzi kuti akulipireni. Anamwalira kuchipatala. Ndinaitanidwa kumudzi kwawo kukawapempherera."

Achemwali anagwira pakamwa.

"Mukudziwa mmene timachitira," a Shehe anapitiriza. "Tisanapempherere maliro timafunsa: alipo amene malemu anali naye ngongole? Mmisiri anaimirira, natchula khoma limene anamanga. Wa simenti anatulutsa pepala. Ana a malemu anavomera kulipira. Koma mkazi wawo anati kuchipatala ankangobwereza kuti, 'Mtsikana uja, mtsikana uja,' mpaka mawu anatha. Mtsikana uti, palibe ankadziwa. Pepala panalibe, mboni panalibe. Ndiye anandisiyira foniyi kuti mwina adzaimba. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi ndikuitchaja m'mawa uliwonse."

"Ine ndimawatcha wakuba," achemwali ananong'ona, misozi ili mbwee.

"Apemphereni chikhululuko, nanunso mudzipemphere. Ana awo akulipirani sabata ino."

Kenako achemwali anafunsanso, tsopano mwaulemu kwambiri:

"Nanga za theka lija, a Shehe?"

A Shehe anayang'ana kathumba kaja.

"Ine za kompyuta sindizidziwa, mwana wanga. Ndimadziwa za maliro. Womanga nyumba akasowa pepala, khoma limamuchitira umboni. Ntchito yanu ilibe khoma. Munachita manyazi kupempha, ndipo manyazi anuwo anagona ndi munthu pabedi la chipatala, akukuitanani osakudziwani dzina. Pemphani theka. Lembani pangano, pakhale mboni ziwiri, monga Allah anatilamulira pa ngongole. Potero simukumukayikira munthu. Mukumuchotsera theka la katundu amene angatsike naye m'manda. Ndipo mukalandira ndalamazo muziope, chifukwa kuyambira tsiku limenelo wangongole ndi inu, mpaka ntchito ithe."

Mayi wa zigayo uja, achemwali atamuuza mawu amenewa, anasaina pomwepo, mboni anaitana yekha! Ana a Che Lajabu nawo analipira zonse. Ndiye mawa tikaweruka kusukulu tidzere kwathu, mudzaione laputopuyo. Pepala la panganolo achemwali alimata pakhoma pamwamba pake. Koma musambe m'manja, sakulola zala zamafuta!